Adanyoza ndalama, lero awagula $400 miliyoni

Mu 1973 anyamata anayi a ku Mangalande adatulutsa nyimbo yotchedwa Money, yomwe imaseka anthu oika mtima wonse pa ndalama. Patatha zaka 51, mu October 2024, nyuzipepala ya Financial Times idalemba kuti kampani ya Sony Music yagula nyimbo zomwe gulu lawo la Pink Floyd lidajambula, pa mtengo wa pafupifupi $400 miliyoni.

Poimva koyamba, nkhaniyi ili ngati nthabwala. Koma ikuloza zomwe zikuchitikira chamba chonse cha nyimbo chomwe eni ake amachitcha progressive rock, kapena prog mwachidule. Omwe adayambitsa chambachi akalamba, ena adatsamira mkono, ndipo otsala akugulitsa katundu wawo kapena kufunafuna anthu oti alowe m'malo mwa anzawo omwe adapita.

Gulu la Genesis lidaimba komaliza pa 26 March 2022 mumzinda wa London. Phil Collins adaimba ali chikhalire pampando kaamba kofooka m'thupi, ndipo pang'oma padali mwana wake Nic. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, Collins pamodzi ndi Tony Banks komanso Mike Rutherford adagulitsa nyimbo zawo kukampani ya Concord pa ndalama zoposa $300 miliyoni. King Crimson idaimba komaliza ku Japan mu December 2021. Keith Emerson ndi Greg Lake a gulu la Emerson, Lake & Palmer adamwalira onse mu 2016. Chris Squire wa gulu la Yes adamwalira mu 2015, ndipo omwe akuimba m'dzina la Yes tsopano mulibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu omwe adaliyambitsa mu 1968.

Nyimbo zimenezi zidatchuka pa zifukwa ziwiri, maganizo akuya ndi luso la zala. Nanga woganiza akapita, zala n'kuuma, kampani yotulutsa mamiliyoni onsewa ikugula chiyani?

Nyimbo yodzaza mbali yonse ya chimbale

Chambachi chidabadwira ku Mangalande chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nthawi imeneyo nyimbo ya pawailesi imayenera kutha mphindi zitatu, ikambe za chikondi, anthu avine, basi. Koma kudabwera anyamata ena omwe adakulira m'makwaya a tchalitchi, ena adaphunzira piyano ndi nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, enanso amamvetsera jazz. Iwo adaona kuti mbali imodzi ya chimbale cha galamafoni imanyamula mphindi 20 kapena kuposerapo, ndiye adadzifunsa kuti chowaletsa kudzaza mbali yonseyo ndi nyimbo imodzi n'chiyani.

Ambiri amati chimbale chomwe chidatsegula khomo ndi In the Court of the Crimson King cha King Crimson, chomwe chidatuluka mu October 1969. Nyimbo yake yoyamba, 21st Century Schizoid Man, idalembedwa nkhondo ya ku Vietnam ili pachimake ndipo imajambula dziko lomwe anthu ake asokonekera mutu ndi zida zankhondo komanso dyera. Chapakatikati pake gitala ya Robert Fripp, lipenga la saxophone, besi ndi ng'oma zimathamanga limodzi pa liwiro loopsa, n'kuima zonse nthawi imodzi, n'kuyambiranso, ngati galimoto yomwe woyendetsa wake akuseweretsa mabuleki dala. Mawu ake adalemba ndi Peter Sinfield, yemwe ntchito yake yaikulu m'gululo idali kulemba ndakatulo ndi kuyendetsa magetsi a papulatifomu, koma amawerengedwa ngati membala mofanana ndi ogwira zida. Sinfield adamwalira mu November 2024.

Mu 1972 gulu la Yes lidatulutsa Close to the Edge, nyimbo ya mphindi zoposa 18. Woimba wawo Jon Anderson adatapa maganizo ake m'buku la Siddhartha la mlembi Hermann Hesse, nkhani ya munthu yemwe adasiya ulemerero wa kwawo kukasaka tanthauzo la moyo n'kukalipeza m'mbali mwa mtsinje. Nyimboyo imayamba ndi phokoso la madzi ndi mbalame, imadutsa m'chipwirikiti cha zida, n'kukathera pa madzi ndi mbalame zomwe zija.

Mtima womwe umagunda m'chimbale

Palibe chimbale chomwe chimaonetsa bwino mmene ganizo ndi luso zimakwatirana m'chambachi kuposa The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd. Adachijambula musitudiyo ya Abbey Road ku London ndipo chidatuluka mu March 1973. Ndi cha mphindi pafupifupi 43. Mawu onse adalemba ndi Roger Waters, woimba besi, ndipo mutu wake ndi zinthu zomwe zimazunguza munthu: nthawi, ndalama, nkhondo, imfa ndi misala. Za misala sadazimve kwa anthu. Mnzawo yemwe adali mtsogoleri wa gululo poyamba, Syd Barrett, adasokonekera maganizo iwo akuona mpaka adasiyana naye mu 1968. Za nkhondo nazonso Waters amazidziwa, pakuti bambo ake adafera kunkhondo ku Anzio m'dziko la Italy mu 1944 iye ali khanda la miyezi isanu.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wosamva Chingerezi amathabe kutola nkhani ya chimbalechi, chifukwa ganizo adaliika m'zida momwe. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima ndipo chimathera pa kugunda kwa mtima komwe kumanka kuzilala. Pakati pa kugunda kuwiriko ndiye pali moyo wa munthu.

Nyimbo ya Time imayamba ndi mawotchi ambirimbiri omwe amalira nthawi imodzi mwadzidzidzi. Mawotchiwo adawajambula ndi Alan Parsons, katswiri wa makina a musitudiyo, m'sitolo yogulitsa zinthu zakale. Waters adafotokozapo kuti iye adaleredwa ndi maganizo oti ubwana ndi unyamata n'kukonzekera chabe moyo womwe udzayambe m'tsogolo, ndipo adadzidzimuka akuyandikira zaka 30 kuti moyowo udayamba kale. Kudzidzimuka kumeneko ndi komwe mawotchi aja amam'patsa womvera mawu asadayambe n'komwe. Akatero, Nick Mason amagogoda ng'oma pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi ziwiri, kumudikiritsa munthu dala, m'nyimbo yomwe ikudzudzula kudikira.

Money ndiye ili ndi nkhani. Nyimbo zambiri zomwe timamva, kaya za reggae, kaya za rhumba, zimayenda pa kugunda kunayi, n'chifukwa chake phazi la wovina silisokera. Money imayenda pa kugunda kasanu ndi kawiri. Munthu akati atsate ndi phazi, amapeza kuti nthawi zonse paperewera kamodzi, ngati malipiro omwe sakwana mwezi. Kayendedwe kameneka kamayamba ndi phokoso la makobili, mapepala ong'ambika ndi makina a m'sitolo, zomwe Waters adajambula kunyumba kwake n'kudula matepi ndi kuwalumikiza pamanja, popeza makompyuta ochitira zotere kudalibe. Ikafika nthawi ya gitala ya David Gilmour, nyimbo imasinthira ku kugunda kunayi, mpweya n'kutuluka, kenaka imabwerera ku kasanu ndi kawiri kaja.

Pali nyimbo inanso yomwe ilibe mawu n'komwe. The Great Gig in the Sky ndi ya imfa, ndipo Richard Wright adaipeka pa piyano. Mu January 1973 adaitana mtsikana wina woimba mwaganyu, Clare Torry, n'kumuuza kuti aimbe popanda mawu. Iye adagwiritsa ntchito pakhosi pake ngati chida, kulira, kukuwa, kenaka kudekha ngati munthu yemwe wavomereza zomwe zam'gwera. Adamulipira mapaundi 30. Chimbalecho chidagulidwa makope oposa 45 miliyoni ndipo chidakhala pamndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America kwa masabata 741 pakati pa 1973 ndi 1988. Torry adakadandaula kukhoti mu 2004, nkhani idathera kunja kwa bwalo mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo dzina lake limalembedwa pambali pa la Wright ngati mpeki mnzake. Chimbale chodzudzula dyera chidatenga zaka 32 kuti chivomereze thukuta la mayi ameneyu.

Ngakhale timawu ta anthu oyankhula tomwe timamveka chapansipansi m'chimbalemo tili ndi cholinga. Waters adalemba mafunso okhudza imfa, misala ndi ndewu pa timakadi, n'kumafunsa aliyense yemwe adapezeka ku Abbey Road. Paul McCartney adayankha nawo koma mayankho ake sadawagwiritse ntchito. Ambiri mwa omwe adalowa m'chimbale ndi a anthu wamba, kuphatikizapo mlonda wa pakhomo Gerry O'Driscoll.

Kuti maganizo a gululi sadali a m'mabuku chabe zidaoneka kuno kummwera kwa Africa. Mu 1979 Pink Floyd idatulutsa chimbale cha The Wall momwe muli nyimbo ya Another Brick in the Wall Part 2, yodzudzula sukulu zopondereza ana. Waters amakamba za aphunzitsi ankhanza a ubwana wake, ndipo ana omwe amamveka m'nyimboyo adali a sukulu ya Islington Green ku London. Koma mu 1980 ana asukulu a ku South Africa, maka m'dera la Cape Town, omwe amanyanyala maphunziro osankhana mtundu, adaitenga kukhala nyimbo yawo. Boma la tsankho lidailetsa chaka chomwecho.

Ife ndi iwo

Malonda a mu 2024 aja sadabwere mwamtendere. Waters adachoka m'gululo mu 1985 ndipo adapita kukhoti kuti Gilmour ndi Mason asagwiritsenso ntchito dzina la Pink Floyd, koma sizidatheke ndipo adagwirizana kumapeto kwa 1987. Anayi onse adaimbanso limodzi kamodzi kokha, paphwando la Live 8 ku London pa 2 July 2005. Barrett adamwalira mu 2006, Wright mu 2008.

Chidani cha Waters ndi Gilmour chidakula ndi ndale za dziko lapansi. Mu April 2022 Gilmour ndi Mason adatulutsa nyimbo m'dzina la Pink Floyd pothandiza anthu a ku Ukraine, momwe muli mawu a woimba wa konko, Andriy Khlyvnyuk. Mu February 2023 Waters adayankhula kunthambi yoona za chitetezo ya United Nations ataitanidwa ndi dziko la Russia, komwe adati kulowa kwa Russia mu Ukraine n'kuphwanya malamulo koma dzikolo lidachita kuputidwa. Mwezi womwewo mkazi wa Gilmour, mlembi Polly Samson, adanena poyera kuti Waters amadana ndi Ayuda, Gilmour n'kuvomereza. Waters amakana mwantuwagalu ndipo amati iye amadzudzula boma la Israel pa momwe limachitira ndi anthu a ku Palestine. Nyuzipepala zidalemba kuti poyamba gululo limafuna pafupifupi $500 miliyoni, koma mikangano ya eni komanso zonena za Waters zidachedwetsa malondawo.

Gilmour adauza magazini ya Rolling Stone mu 2024 kuti chomwe amafuna pogulitsa si ndalama kwenikweni, koma kuchoka m'matope a mikangano yosatha pa kayendetsedwe ka katundu wa gululo. N'zovuta kumutsutsa, munthu yemwe adalemera kale. Koma n'zomvetsa chisoni kuti anthu omwe adaimba Us and Them, nyimbo yodandaula kuti anthu amadzigawa n'kumaphana pa zinthu zosadziwika bwino, adalephera kukhala m'chipinda chimodzi mpaka adaitana kampani kuti iwalekanitse.

Tsono Sony idagula chiyani? Nyimbo iliyonse imakhala ndi umwini uwiri, monga amadziwira oimba a kuno omwe adalembetsa ku Cosoma. Pali umwini wa chomwe chidajambulidwa musitudiyo, ndiye pali umwini wa nyimbo ngati chopeka, mawu ndi maimbidwe ake. Malinga ndi malipoti, Sony idatenga zojambulidwazo pamodzi ndi dzina komanso zithunzi za gululo, pomwe umwini wa zopeka udatsala kwa omwe adazilemba. Kampaniyo sidachedwe kuyamba ntchito. Mu April 2025 filimu ya gululo yomwe idajambulidwa m'mabwinja a Pompeii mu 1971 idaonetsedwanso m'nyumba za kanema itakonzedwa mwatsopano, ndipo mu December 2025 chimbale cha Wish You Were Here chidatulukanso pokumbukira zaka 50. Chimbale chimenechi, mwa zina, chimaseka akuluakulu a makampani a nyimbo omwe amaona woimba ngati ng'ombe yamkaka.

Eni ake, mosadziwa, adayesa kale kuona ngati ganizo lingaime palokha, kapena luso palokha. Mu 2014 Gilmour ndi Mason adatulutsa The Endless River, chimbale chomwe pafupifupi chonse ndi zida zokha. Chimakoma m'khutu, gitala ya Gilmour ikulira monga mwa nthawi zonse, koma chikatha munthu sasowa tulo ndi funso lililonse. Mu October 2023 Waters naye adatulutsa The Dark Side of the Moon yomwe adaijambulanso payekha, atachotsa magitala otchuka a Gilmour n'kuikamo mawu ake oyankhula. Nzeru zilimo, mwinanso zochulukirapo poti wolemba adali atakwanitsa zaka 80, koma zimamveka ngati gogo akuwerenga kalata. Nyimbo ya Time yopanda gitala ija imakuuza kuti nthawi ikutha. Ya mu 1973 imakuchititsa mantha.

Msika nawo udasintha

Vuto lina n'lakuti nyimbozi zidapangidwira munthu yemwe wakhala pansi kumvetsera mbali yonse ya chimbale, ndipo munthu wotere akusowa. Mu March 2010 Pink Floyd idapambana mlandu kukhoti lalikulu la ku London woletsa kampani ya EMI kugulitsa nyimbo zawo imodziimodzi pa intaneti popanda chilolezo, ponena kuti chimbale n'chinthu chimodzi chosayenera kuduladula. Chaka chisadathe, mu January 2011, adasaina mgwirizano watsopano wolola zomwezo. Mu 2013 adalowa pa Spotify.

Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikangodutsa masekondi 30. Izi zikutanthauza kuti Close to the Edge, ya mphindi 18, imawerengedwa kamodzi mofanana ndi nyimbo ya mphindi ziwiri. Woimba wachinyamata yemwe akufuna kudya ndi luso lake amadziwa yekha mbali yomwe angasankhe. Achinyamata ambiri adamva King Crimson koyamba kudzera mwa Kanye West, yemwe adadula kachidutswa ka 21st Century Schizoid Man n'kukaika m'nyimbo yake ya Power mu 2010. Nkhani imeneyinso idakathera kukhoti mu 2022, pomwe eni zojambulidwa za King Crimson adasumira kampani ya Universal pa ndalama za pa intaneti.

Sikuti chambachi chidalibe matenda ake. Luso likakula limasanduka matama. Mu 1973 Yes idatulutsa Tales from Topographic Oceans, nyimbo zinayi zokha pa zimbale ziwiri, zonse zochokera pa ndemanga ya m'munsi mwa tsamba m'buku la mphunzitsi wa chipembedzo wa ku India, Paramahansa Yogananda. Woimba kiyibodi wawo yemwe, Rick Wakeman, zidamutopetsa mpaka tsiku lina ku Manchester adadya chakudya chake papulatifomu anzake akuimba, ndipo mu 1974 adachoka. Emerson, Lake & Palmer idanyamula gulu lalikulu la oimba mavayolini ndi malipenga paulendo wa ku America mu 1977, ndalama zidaperewera, n'kulitsitsa panjira. Pomwe achinyamata a punk amatulukira ku London cha m'ma 1976 ndi nyimbo zawo zazifupi zaukali, prog ndiyo idali mdani wawo woyamba, ndipo pena adali ndi mfundo.

Omwe adapulumuka adafupikitsa nyimbo. Yes idapezanso moyo mu 1983 kudzera mwa Trevor Rabin, mnyamata wa ku Johannesburg, yemwe adabweretsa Owner of a Lonely Heart, nyimbo yawo yokhayo yomwe idafika pa nambala wani ku America. Anthu ambiri omwe amam'dziwa Phil Collins ndi nyimbo zachikondi sadziwa kuti adayamba ngati katswiri wa ng'oma yemwe amaimba Supper's Ready, nyimbo ya Genesis ya mphindi 23.

Mpando wa Neil Peart

Pomwe ena akugulitsa, gulu la Rush la ku Toronto m'dziko la Canada lidasankha njira ina, ndipo nkhani yake ndiyo ikuyesa funso lija mwachindunji. Mu October 2025 Geddy Lee ndi Alex Lifeson adalengeza kuti mu 2026 ayendanso m'dzina la Rush, patatha zaka zoposa khumi chiimbire komaliza pa 1 August 2015 ku Los Angeles. Pang'oma adasankha Anika Nilles, mayi wa ku Germany yemwe adaimbapo ndi Jeff Beck mu 2022.

M'magulu ambiri kusintha woimba ng'oma si nkhani. Ku Rush ndi nkhani chifukwa Neil Peart, yemwe adamwalira pa 7 January 2020 ndi khansa ya mu ubongo ali ndi zaka 67, adali zonse ziwiri, zala ndi mutu. Ndiye amaimba ng'oma, ndiyenso amalemba pafupifupi mawu onse kuchokera pomwe adalowa m'gululo mu 1974.

Mu 1975 chimbale chawo cha Caress of Steel sichidayende malonda, ndipo kampani ya Mercury idawauza kuti apange nyimbo zazifupi zolowa pawailesi. Iwo adayankha ndi 2112 mu 1976, nyimbo ya mphindi 20 yokamba za dziko la m'tsogolo lolamulidwa ndi ansembe omwe amasankhira anthu chowerenga ndi chomvera. Munthu wina amatola gitala yakale, amaphunzira kuiimba, n'kupita nayo kwa ansembewo mwachimwemwe, koma iwo amaiphwanya. Chimbalecho chidagulidwa kwambiri ndipo kuchokera apo kampani sidawauzenso chochita.

Peart adalemba pachikuto kuti adatapa nzeru kwa Ayn Rand, mlembi yemwe amaphunzitsa kuti munthu payekha ndi wofunika kuposa gulu. Izi zidawaputira mavuto. Mu 1978 nyuzipepala ya zoimbaimba ya NME ku Mangalande idawafanizira ndi anthu otsata ulamuliro wankhanza wa mtundu wa chipani cha Nazi, zomwe zidamuwawa kwambiri Lee poti makolo ake adali Ayuda omwe adapulumuka kundende za Nazi. Chosangalatsa ndi Peart n'chakuti sadaume pamalo amodzi. Mu Freewill ya mu 1980 adatsindika kuti munthu ali ndi udindo pa zosankha zake, osati kuloza nyenyezi kapena tsoka. Koma atakula adanena poyera kuti adasiyana ndi maganizo ouma a Rand ndipo amakhulupirira kuti anthu ayenera kuthandizana.

Moyo ndiwo udam'phunzitsa. Mu 1988 adayenda panjinga yakapalasa m'dziko la Cameroon kwa mwezi wathunthu, ulendo womwe adaulemba m'buku la The Masked Rider. Mu August 1997 mwana wake wamkazi adafa pangozi ya galimoto, ndipo patangotha miyezi khumi mkazi wake adamwalira ndi khansa. Peart adauza anzake kuti amuone ngati wapuma ntchito, adakwera njinga yamoto n'kuyenda makilomita pafupifupi 88 000 m'maiko a Canada, America, Mexico mpaka Belize. Lee ndi Lifeson sadafune munthu wina. Adadikira mpaka adabwerera, ndipo chimbale chotsatira chidatuluka mu 2002. Munthu yemwe adayamba ndi kuimba za kuima pawekha adapulumutsidwa ndi anzake omwe adakana kuyenda popanda iye.

Pa luso, Peart adali wosakhutira. Cha m'ma 1990, dziko lonse likumutcha kale katswiri, adapita kwa mphunzitsi wa jazz Freddie Gruber n'kuyambiranso kuphunzira kagwiridwe ka timitengo. Ng'oma zake amazipeka ngati mmene munthu amapekera nyimbo, kugunda kulikonse pamalo pake, mwakuti otsatira Rush amadziwa pamtima pomwe dzanja liyenera kugwera ndipo kumaphwando amagunda nawo m'malere. Mu YYZ, nyimbo ya zida zokha ya mu 1981, kayendedwe ka poyambira ndi zilembo zitatu za bwalo la ndege la ku Toronto zitamenyedwa m'chinenero cha Morse, chija amagwiritsa ntchito potumiza mauthenga pa lamya. Kwa anthu omwe amakhalira kuyenda, zilembo zimenezi pachikwama zimatanthauza kuti akubwerera kwawo.

Apa ndiye pali kusiyana kwa njira ya Rush ndi ya Pink Floyd. Sony idagula zomwe zidachitika kale, ndipo idzazipukuta, kuzikuta m'mabokosi okongola n'kuzigulitsa pa chikumbutso chilichonse. Lee ndi Lifeson, onse obadwa mu 1953, akubetcha kuti nyimbozi zili ngati za akatswiri akale a ku Ulaya omwe prog imawatsanzira, zoti munthu wina waluso akhoza kuzitenga n'kuziimba mwini wake atapita. Otsutsa akuti Rush yopanda Peart ndi gulu loimba nyimbo za eni, ndipo amakumbutsa kuti Lifeson yemwe adanenapo kangapo kuti Rush idatha. Koma mkazi wa malemuyo, Carrie Nuttall-Peart, ndi mwana wawo adatulutsa uthenga wogwirizana ndi ulendowu.

Nilles adabadwa mu 1983, patatha zaka zisanu ndi ziwiri 2112 itatuluka, ndipo adatchuka ndi makanema ake a pa YouTube momwe amaphwanya kugunda m'magawo asanu kapena asanu ndi awiri mosavutika. Ng'omazo azikwanitsa, pamenepo okayika ndi ochepa. Cholembera cha Peart ndicho sadapatse munthu. Phwando loyamba la ulendowu adalikonza kuti lichitike mu June 2026 pa Forum ku Los Angeles, bwalo lomwe Peart adaimbirapo komaliza.